Iotcheni Yonse, Musasiyeko Kanthu

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti ndine nkhalamba yovuta pa nkhani ya nyama. Lamlungu lililonse mukabwela ndi mabanja anu ndimakulandani foloko, ndimakuthamangitsani pa moto, ndipo wina akangoti "amama, iotcheni," ndimamuyang'ana ngati wanditukwana. Joyi anafika ponena kuti kupuma pa ntchito kwandisokoneza mutu. Chabwino, sekani. Koma ndisanafe ndifuna mudziwe kumene waya wakuda wootchelapo nyama uja anachokela, ndiponso chimene chinapha amalume anu aTobiasi, chifukwa zimene munauzidwa zoti anadwala m'mimba ndi theka chabe la nkhani. Za ubwana wanga ndilumpha. Ndiyambila pamene anandipatsa jombo, ovolosi ndi bokosi la majekeseni, n'kunditcha mlangizi wa ziweto.

KU SASARE, CHAKA CHOYAMBA

Ananditumiza ku Sasare, kufupi ndi maenje akale a golide. Nyumba imene anandipatsa inalibe chitseko. Dibi analipo koma mankhwala ake kunalibe, ndipo katemela ankaonongekela m'fuliji chifukwa palafini anali atatha ine ndisanafike. Zonsezo ndikanapilila. Chimene chinandipweteka ndi alimi. Ndikafika pa khola, mwini ng'ombe ankandiyang'ana kuyambila ku jombo mpaka ku duku, kenako n'kufunsa kuti, "Nanga adokotala enieniwo abwela liti?" Wina anandiuza m'maso muli gwa kuti nkhunzi yake singagwilidwe ndi kamtsikana. Kamtsikana ine, amene ndinali nditagwetsa ng'ombe zambili ku sukulu kuposa zimene iye anaonapo! Itakwana miyezi itatu ndinalembela atate kuti ndikusiya ntchito.

Atate, agogo anu aZulu, sanayankhe kalatayo. Anabwela okha. Moyo wawo wonse ankaotcha michopo, nyama yogulitsa kwa apaulendo, pamene mabasi amaima pa Nyimba, ndipo nkhani iliyonse ankaiweluza ali pa moto. Anafika Loweluka pamodzi ndi mlongosi wanga wamkulu, aTobiasi, atanyamula mwendo wa mbuzi, chiwindi chake ndi waya amene analuka okha. Za kalata sanatchule n'komwe. Anangoti, "Belita, makala uli nawo?"

Tsiku limenelo anandiphunzitsa zimene mwana wamkazi sankaphunzitsidwa kwathu. Nyama usaiike pa lawi, dikila makala avale phulusa. Mchele wokha ndi wokwana, tsabola aliyense adziikile. Ukatumbula chiweto, yamba waona kapamba, akakhala wotupa ndi wakuda, manja ako achoke. Ndipo chiwindi chimayamba kupita pa waya, chimangopsa pang'ono, n'kudyedwa ndi wootcha yekha anthu asanalaweko kanthu. Ndinafunsa ngati kumeneko si kususuka. Atate anandiyang'ana mwaukali.

"Wootcha ndiye amalawa poyamba," anatelo. "Nyama ikakhala ndi vuto liyambe ndi iwe, osati mwana wa eni."

ATobiasi ankatembenuza nyama kawilikawili ngati munthu wofufuza nsabwe, ndipo atate anawamenya pa dzanja ndi foloko. Tinaseka mpaka misozi. Fungo litafika m'mudzi, alimi aja anayamba kubwela mmodzimmodzi, aliyense akunamizila kuti akungodutsa. Wa nkhunzi uja anadya nthuli zitatu, ndipo mlungu wotsatila anandiitana yekha ku khola lake. Dzuwa litapendeka kunatsala nyama yaiwisi m'beseni, ndipo atate ananena mawu amene ankanena tsiku lililonse poweluka pa Nyimba, poti nyama yaiwisi sigona kopanda fuliji: "Iotcheni yonse, musasiyeko kanthu." Pobwelela anandisiyila waya uja, ndipo ntchito sindinasiye.

KU PETAUKE, KENAKO KU NYIMBA

Patapita zaka zinayi anandisamutsila ku Petauke, kumene ndinakwatiwa ndi atate anu ndipo ndinkayeza nyama kumalo ophela ng'ombe. Ogulitsa nyama ankadana nane chifukwa chidindo changa sichinkamva kupempha. Koma Loweluka lomaliza la mwezi, atate ndi aTobiasi ankabwela, ndipo tinkakoleza makala a mupani kuseli kwa nyumba. Kumeneko ndi kumene banja lathu linkakambila nkhani zake: maukwati, mikangano, minda. Ine ndi aTobiasi tinkapikisana, atate n'kumaweluza. Sanandiuzepo kuti ndapambana, koma nthuli yachiwili ankatenga ku mbali yanga ya waya.

Kenako ndinapita ku Nyimba, kumene ndinakumana ndi bwana amene dzina lake sindilemba muno. Si ulemu ayi, ndikungokana kuipitsa pepala langa. Anachokela ku chigawo china, ndipo pa Chinyanja chonse mawu amene anawagwila bwino anali amodzi, "mailo," amene kwathu amatanthauza mawa ndiponso dzulo. Ukapempha petulo wa njinga yamoto ankati, "Azabwela mailo." Ukapitanso m'mawa mwake ankati, "Anabwela mailo, manje asila," kutanthauza kuti atha kale. Mwa iye mailo wa kutsogolo ndi mailo wa kumbuyo ankagwilana chanza, lelo n'kusowa pokhala. Tinamutcha aMailo, ndipo ankaganiza kuti ndi dzina laulemu.

Tsoka langa linali lakuti aMailo analawa nyama yanga pa phwando lina. Kuyambila pamenepo ndinasanduka wootcha wa ofesi. Alendo akamabwela kuchokela ku likulu la chigawo, petulo ankapezeka wokagulila mbuzi, makala ankapezeka, mowa unkapezeka. Koma mlimi akabwela wapansi kudzanena kuti ng'ombe zake zikufa, yankho linali mailo. Ine ndinaphunzila zaka ziwili za matenda a ziweto, koma m'maso mwa munthu uja ndinali foloko yoyenda. Luso limene atate anandipatsa mwa chikondi, iye analisandutsa goli. Mpaka lelo ndikaganiza zimenezi mtima umandiwila.

CHAKA CHA MWALA WA ATATE

Atate anamwalila ndili ku Nyimba. Patatha chaka tinagwilizana zoika mwala pa manda awo kwathu ku Ndake, tsiku Loweluka. ATobiasi ananenepetsa ng'ombe yamphongo miyezi yambili kuti anthu adzadye monga mwana wa aZulu ayenela kudyetsa anthu. Ine ndinayenela kupita Lachisanu, koma aMailo anakana, ati alendo akuluakulu akubwela tsiku lomwelo ndipo mbuzi ziwili zaphedwa kale. Ndinavomela kuti ndipita Loweluka m'mamawa.

Lachisanu m'mawa ndikukoleza makala kuseli kwa ofesi, kunafika dalaivala wa lole ya thonje, munthu wa kwathu, ndi kapepala kochokela kwa aTobiasi. Analemba kuti: "Belita, ng'ombe ya mwala yafa yokha m'khola m'mawa uno. Mailo inali bwinobwino ikudya. Magazi akuda akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo, ndipo sakuundana. Tichite bwanji?"

Aliyense wa ntchito yathu amadziwa zizindikilo zimenezo. Ndi matenda amene mabuku athu amatcha antilakisi. Chiweto chotelo sachisenda, sachitumbula, sachikoka n'komwe. Amachitentha m'dzenje mpaka chisanduke phulusa, chifukwa chimapha wosenda ndi wodya yemwe. Ndinathamangila kwa aMailo ndi kapepalako.

"Bwana, ndipatseniko njinga. Ku Ndake kwafa ng'ombe ya matenda oopsa, ndipo anthu akusonkhana."

"Amai Zulu, muzayenda mailo."

"Mailo anthu adzakhala atadya, bwana!"

"Nanga alendo anga azadya chani? Lembani chabe kalata. Si abale anu? Azamvela."

Panja dalaivala uja ankaliza hutala, poti anali ndi ulendo wina wa thonje. Ndinatembenuza kapepala komweko, n'kukatsamilitsa pa chitseko cha lole, ndipo ndinalemba mofulumila, manja ali ndi mwaye: "Alongosi, iotcheni yonse lelo lomwe, musasiyeko kanthu. Ndibwela." Lole inanyamuka. Ndinabwelela ku mbuzi za aMailo mtima utatsikako pang'ono, ndikuganiza kuti ndachita mbali yanga.

Alendo anafika masana. Anadya, anamwa, anandiyamika ngati mmene amayamikila mpeni wakuthwa. Mmodzi wa iwo, wamimba yaikulu, anasuzumila m'beseni n'kuona kuti mwatsala nthiti. Anandigwila pa phewa, n'kunena akutafuna, "Amai, musatiumile. Iotcheni yonse, musasiyeko kanthu."

Foloko inagwa m'manja mwanga. Mayo ine! Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa modzaza mafuta, ndipo ndinawamva monga aTobiasi akanawamvela. Kuotcha zinyalala ndi kuotcha nyama timanena chimodzimodzi, koma m'banja la aZulu mawu amenewo anali ndi tanthauzo limodzi lokha. Ndinali nditalemba chiganizo cha atate, liwu ndi liwu, kwa mwana wa atate, pa nkhani ya phwando la atate. Ndikanalemba kuti tenthani. Ndikanalemba kuti musaikhudze. Dzanja langa linangolemba zimene khutu linazolowela.

Kiyi wa njinga anali pa thebulo, pafupi ndi botolo la aMailo. Ndinadziwa kuti kumutenga popanda chilolezo ndi mlandu wochotsetsa ntchito, ndipo inu munali ang'onoang'ono, Joyi akuyamwa. Komabe kiyi uja ndinamutenga aMailo akuona.

"Amai Zulu! Nanga nyama ili pa moto?"

"Itembenuzeni nokha, bwana. Manja muli nawo."

Thanki inali yodzaza. Petulo amene ankati azabwela mailo anali momwemo, wotsala pa ulendo wa mbuzi.

Ndinafika ku Ndake dzuwa litapendeka, ndipo utsi ndinauona ndili patali. Pabwalo panali anthu ambili, amai a kwaya akuyeselela nyimbo pansi pa mango. Ng'ombe inali itasendedwa kale. Chikopa anachiyanika pa ngolo, nyama ina ili pa thandala, ina m'mabeseni. ATobiasi anali pa moto, malaya atavula, akutembenuza kawilikawili monga mwa chizolowezi chawo. Atandiona anamwetulila.

"Wafika bwino, Belita! Bwela uone ngati ndakwanitsa."

"Ndani wadyako?" ndinakuwa ndisanatsike n'komwe.

"Palibe. Phwando ndi la mailo. Ana ndawathamangitsa onse." Anaseka. "Ine chabe ndalawa chiwindi, monga mwa lamulo."

Sindinalongosole bwino, ndikuvomela. Ndinalibe nthawi ya ulemu. Ndinalamula anyamata kukumba dzenje pomwepo, ndinavala magolovesi, ndinagwetsela thandala lonse m'menemo pamodzi ndi chikopa, mutu, matumbo ndi dothi la magazi. Ndinasolola paipi ya njinga n'kukhetsela petulo yense wa aMailo pa nyamayo. Anthu anachita phokoso. Wina anati ndapenga, wina anati maphunzilo andikwela m'mutu, mai wina wachikulile anati ndikuchititsa manyazi malilo a atate anga. Amene anandithandiza ndi mlamu wanga, amake Dailesi, mkazi wa aTobiasi. Sanafunse zambili. Anangoyang'ana nkhope yanga, n'kuuza amai a kwaya kuti atute nkhuni zonse za phwando.

ATobiasi anatulutsa kapepala kaja m'thumba la buluku n'kukatambasula pamaso panga, anthu onse akuona.

"Belita, dzanja ili ndi la ndani?"

"Ndi langa, alongosi."

"Welenga."

Sindinathe kuwelenga. Ndinayatsa machesi n'kuwaponya m'dzenje muja.

Mwala tinaika m'mawa mwake, anthu n'kudya nyemba. Amuna awili amene anathandiza kusenda ndinawatumiza ku chipatala tsiku lomwelo. Anatuluka zilonda zakuda m'manja, koma analandila mankhwala n'kuchila. ATobiasi anakana. Ndinawagwadila, ine mai wa ana atatu, maondo pa fumbi.

"Wandivula pamaso pa mudzi wonse," anatelo. "Manje ufuna ukandibayitse ngati ng'ombe ya pa dibi? Ndili bwino ine. Pita kwa mabwana ako."

Tsiku lachitatu m'mimba munayamba. Pamene anavomela kukwela ngolo anali akusanza magazi. A chipatala anayesetsa, sindiwanena kanthu, koma tinachedwa. Masana a tsiku lomaliza anandiitana pafupi. Mawu anali atachepa, koma ukali unali utatha.

"Kapamba ndinamuona, Belita. Anali wotupa, wakuda bii. Ndinakumbuka za atate."

"Nanga munapitilizilanji, alongosi?"

"Ndinati mlongosi wanga anaphunzila. Akati iotcheni, ndiye kuti moto umapha matendawo. Koma lamulo ndasunga. Layamba ndi ine, osati mwana wa eni."

ZAKA ZOTSALA

Njinga inabwelela ku Nyimba pa ngolo, poti petulo ndinali nditamuthela pa dzenje. Nditabwelako ku malilo ndinapeza kalata pa thebulo langa. Ndinaganiza kuti ndi ya chipepeso. Ha! Inali ya milandu itatu: kutenga njinga popanda chilolezo, kuononga petulo, ndi kusiya ntchito imene ndinapatsidwa, zimene zinachititsa kuti nyama ya alendo ipselele. Nthiti za mbuzi zinalowa m'kalata ya ofesi, ndi chidindo pansi pake. Za mudzi wonse umene ukanadya ng'ombe ija munalibe liwu ngakhale limodzi. Za mlongosi wanga munalibe.

Ndinalowa mu ofesi yake osagogoda. Ndinamuuza kuti akanandipatsa kiyi m'mawa uja, ndikanafika mpeni usanakhudze chikopa. Mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Amai Zulu, zimenezo n'za mailo, tiyeni tione za kutsogolo." Ndinatuluka chifukwa ndinaopa chimene manja anga akanachita. Sanandichotse ntchito, koma kalatayo inakhala m'failo yanga, ndipo nthawi iliyonse ena akamakwezedwa ine ankandilumpha. Ananditumiza ku Nyalugwe, kumene ndinagwila ntchito mpaka kupuma. Iye anakwezedwa chaka chotsatila. Anthu a ku tchalitchi amandiuza kuti ndimukhululukile. Ndayesa, koma ndikafika pa nthiti zija pemphelo limandithawa.

Musaganize kuti mkwiyo wanga wonse uli pa iye. Kapepala kaja sanalembe aMailo. Ndinalemba ine, mlangizi wophunzila, amene ndinkadzudzula alimi kuti samvetsa malangizo.

Waya wa atate ndinamupachika m'khitchini zaka zisanu, ndipo michopo ya pa msika ndinkailambalala. Amene anamutsitsa ndi amake Dailesi. Anabwela ku Nyalugwe pamene Dailesi ankafuna kukwatiwa, ndipo anaona waya ali ndi dzimbili ndi ukonde wa akangaude.

"Mlamu, pa ukwati wa mwana wa aTobiasi adzaotcha ndani?"

"Funani wina, mlamu. Manja anga ndi amene anakusandutsani wamasiye."

"Manja omwewo ndi amene anapulumutsa ana anga. Musandiuze zopusa. Amuna anga anafa akusunga lamulo la pa waya uyu, ndiye inu mumusiye adyedwe ndi dzimbili? Tsitsani, ndikuthandizeni kukwecha."

Tinamukwecha ndi mchenga tonse awili, tikulila. Tisanamalize anamasula mfundo ya chitenje chake n'kundipatsa kapepala kaja. Anati anakapeza m'thumba la buluku, ndipo anakasunga chifukwa mbali imodzi kali ndi dzanja la amuna awo. Pa ukwati wa Dailesi ndinaotcha mbuzi zitatu, ndipo chiwindi ndinadya ndekha nditatembenukila kukhoma.

Ndiye chifukwa chake ndimakoleza makala Lamlungu lililonse, ngakhale msana ukukana. Ndikaima pa waya uja, atate amakhala kudzanja langa lamanja akuyang'ana ngati makala avala phulusa, aTobiasi kumanzele akufuna kutembenuza nthawi isanakwane. Kwina kulikonse sindiwapeza. Ndipo ndikamakulandani chiwindi musamati amama ndi osusuka.

Ndikadzapita mudzatsegula sutikesi yanga yachitsulo. Pansi pa ovolosi mudzapeza mapepala awili. Kakang'onoko, kokhala ndi zala za mwaye, mudzapatse Dailesi, chifukwa kutsogolo kwake kuli dzanja la atate ake. Kalata ya aMailo ija, nthawi ino ndinena momveka kuti wina asadzalakwitse: musadzaiike pa waya wa atate. Mudzakumbe dzenje kuseli kwa khola, mudzaithile palafini, mudzaitenthe mpaka phulusa, kenako mudzakwilile.